Phazi Lomwe M'buku Mulibe

"Waponda kunja," anatero Namwino akuloza pansi ndi chala cha kuphazi. "Kachisanu ndi chiwiri tsopano."

Mzime anayang'ana pansi. Kamtanda ka choko pomwe anayambira kanali kumanja kwake, phazi limodzi lathunthu. Iye anali ataima m'kadzenje kosalala komwe zidendene za bambo ake zinasiya pasimenti. Pamsomali pafupi ndi zenera, malaya oyera a bambowo ankagwedera ndi kamphepo, mkono umodzi ukukwera pang'ono ngati mwini wake akufuna kunenapo kanthu.

Panali patatha masiku anayi chiwaikireni m'manda.

"Ndibwereza," anatero Mzime.

"Bwereza, koma miyendoyo si yako, ndi ya Aphunzitsi. Ine ndaponda pamenepo zaka khumi ndi ziwiri. Funsa bondo langali."

Namwino anali mayi wa zaka makumi asanu, wophunzira wakale kuposa onse m'chipinda cha karate chomwe bambo a Mzime anamanga kuseri kwa nyumba yawo. Ankabwera mmawa uliwonse asanapite kuchipatala, ndipo maliro sanamusinthe nthawi.

Chomwe Mzime ankabwereza chinali kata. Kata ndi ndewu ya munthu mmodzi. Umaima pakati pa chipinda n'kumatchinga, kumenya ndi kutembenuka motsata ndondomeko yomwe anaika akale, adani ako ali mphepo yokhayokha. Bambo ankati tsiku la zoopsa mutu umathawa, thupi ndi lomwe limatsala, ndiye uliphunzitsiretu kambirimbiri mpaka lizidziwa lokha njira. Kata imene ankaikonda inali ndi lamulo limodzi losavuta kuliona: ukamaliza, uyenera kupezeka pomwe unayambira.

Buku la bungwe la karate linkati kata imeneyi ili ndi mayendedwe makumi awiri ndi limodzi. Ya bambo inali ndi makumi awiri ndi awiri. Akafika pa kuyenda kwa khumi ndi chisanu ndi chitatu, ankaponya phazi kumanzere, dzanja lamanzere n'kupita kumbuyo, chapansi, lotambasula, chikhatho chitayang'ana pansi. Ophunzira awo onse anatengera zomwezo, ndipo onse ankathera phazi limodzi kunja kwa kamtanda. Bambowo analephera nalo mayeso katatu, moti anakalamba ali pa lamba wakuda woyamba. Sanauzepo munthu aliyense chifukwa cha phazilo.

Chitseko chinatseguka ndi phazi. Achimwene ake a Mzime, mwana woyamba wa pakhomopo, analowa akukankha wilibala yodzaza zitini za penti.

"Mwadzuka bwanji akatswiri? Ndiike pati?"

"Tinagwirizana Loweruka, achimwene."

"Wati chiyani?" Anapendeketsa mutu kuti amve ndi khutu lamanja. Lamanzere linafa ali mwana, ndipo pamwamba pake panali chipsera chomwe tsitsi linkakana kumerapo. Pakhomo ankati anagwa pampanda.

"Ndati Loweruka."

"Loweruka ndi mtondo pomwepa. Zitini sizikudya malo. Ndiponso adani akowo ndi amphepo, adutsa pakati."

Namwino anaseka, kenako anakumbuka kuti ali mbali ya Mzime n'kutsokomola.

Mgwirizanowo unachitika tsiku lotsatira maliro, amayi awo atakhala kumapeto kwa tebulo. Achimwene ankagulitsa penti m'kagolosale kothina pamsewu waukulu, ndipo ankafuna chipindacho chikhale mosungira katundu. Bungwe sililola kalasi kupitirira popanda mphunzitsi wachiphaso, ndipo Mzime analibe chiphaso. Woyesa wa bungwe, yemwe anabwera kudzapepesa, anavomera kubweranso Loweruka kudzamuyesa. Akakhoza, chipinda n'chake pamodzi ndi ophunzira makumi awiri. Akalephera, mayeso ena ndi chaka chamawa, ndipo achimwene aika loko wawo pachitseko tsiku lomwelo.

Achimwene anayamba kusanja zitini m'mbali mwa khoma lakutsogolo. Mzime anawayang'ana akupukuta thukuta ndi mkono wa malaya.

"Mukuchita ngati m'chipinda muno simunakhale bambo anu."

"Bambo ako," anatero osatembenuka. "Ako ndi a ana a eni ake. Ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndinamanga thaulo m'chiuno ngati lamba n'kulowa muno. Anandinyamula ngati thumba la makala n'kukanditula panja. Iwe utangoyamba kuyenda anakusokera malaya oyera. Ine karate ndinaiphunzirira pazenera ilo, ndipo pazenera sapereka lamba."

Anamenya khoma lakumbuyo ndi chikhatho, fumbi n'kugwa.

"Lamlungu ndipaka loyera lonseli. Lakuda ngati kukhitchini."

Atatuluka, Mzime anabwerera pakamtanda. Anabwereza mpaka Namwino atapita kuntchito, n'kupitiriza yekha mpaka dzuwa litafika pakati pa chipinda. Mutu unkadziwa kuti pambuyo pa khumi ndi chisanu ndi chitatu ayenera kungotembenuka. Phazi linkapita kumanzere lokha, ngati mbuzi yozolowera khola lakale.

Lachinayi Namwino anabwera ndi nzeru ina.

"Chinthu sungachichotse usanadziwe chomwe chikugwira. Aphunzitsi ankati mu kata mulibe chokongoletsa, chilichonse chili ndi ntchito. Ine ndikhale mdani, tione dzanjali limatani."

Anayesa. Namwino anabwera ndi chibakera chakumaso, dzanja la Mzime linali kumbuyo, kutali ndi nkhope. Anabwera ndi theche, dzanjalo silinatchinge kanthu. Anamugwira chakumbuyo, chikhatho chinangomusisita pantchafu.

"Iwe, ndili pabanja ine," anatero Namwino.

"Mwina n'kogwetsera munthu."

"Ndi dzanja lofewa choncho? Mwina ankaingitsa nkhuku. Kapena ankafufuza ngati chikwama chikadali m'thumba lakumbuyo."

Anaseka onse awiri, Mzime kwa nthawi yoyamba chichitikireni maliro, mpaka kusekako kunasanduka china ndipo Mzime anakhala pansi n'kubisa nkhope m'mawondo. Namwino anamusiya kanthawi.

"Unawafunsapo?"

"Kamodzi. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti ndikamwe madzi."

Kuyambira ali wamng'ono Mzime ankakhulupirira kuti phazilo linali chinsinsi cha akatswiri akutali, chomwe bambo anapatsidwa monong'ona ndi mphunzitsi wawo, ndipo tsiku lina adzamuitana yekha, n'kutseka chitseko, n'kumuuza. Tsikulo linali lisanafike pamene mtima wawo unaima ali pampando, akumanga zingwe za nsapato.

Pofika Lachisanu mmawa zitini zinali mizere itatu. Malo anachepa, moti Mzime anafufuta kamtanda n'kujambula kena chakumbuyo, pafupi ndi khoma. Tsopano ankakhoza katatu pa kasanu. Ankaluma mano pofika pa khumi ndi chisanu ndi chitatu, n'kuliletsa phazi ngati galu wapachingwe.

Ulendo wina atatopa, phazi linamupulumuka. Dzanja linapita kumbuyo, ndipo nsonga za zala zinagunda khoma.

Anaima chomwecho osasuntha. Kenako anatembenuza mutu kuti aone pomwe zala zakhudza.

Pakhomalo panali timizere ta pensulo tomwe bambo ankayezera msinkhu wa ana awo chaka ndi chaka. Tambiri tinali titazilala. Kamodzi kokha kanali kakuda bii, kobwerezedwa kambirimbiri mpaka pensulo inakumba pulasitala. Zala zake zinali pa kamzere komweko. Pambali pake panali zilembo zopendekera za bambo: Wamkulu, zaka 4.

Anachotsa dzanja, n'kubwereza kuyendako mwadala, maso ali kutsogolo. Zala zinafika pomwepo. Anabwereza kachitatu. Chikhatho chotambasula, choyang'ana pansi, chofewa. Sichinkafuna mdani ayi. Chinkafuna mutu wa mwana.

Amayi anali m'chipinda chogona akupinda zovala za bambo n'kumaziika m'katoni. Mzime anaima pakhomo, mapazi ali ndi fumbi la choko.

"Amayi, achimwene anagwadi pampanda?"

Amayi anapitiriza kupinda shati. Anailambula kolala, n'kuipindanso ngakhale inali yopindidwa kale.

"Wamva kwa ndani?"

"Kwa khoma."

Anakhala pabedi pang'onopang'ono, shati ili pamiyendo.

"Bambo ako anandilumbiritsa."

"Amene anakulumbiritsaniyo wapita. Mawa chipinda chikupitanso."

Amayi anayang'ana pazenera n'kuyamba kufotokoza.

"Iwe unali usanabadwe. Bambo ako anapita ndi mchimwene wakoyo kokwerera basi, kukandichingamira. Bambo ako anali atangolandira lamba wakuda mwezi womwewo, akuyenda ngati msewu ndi wawo. Kunabuka phokoso, anthu akuthamangitsa wakuba. Wakubayo anali ndi chitsulo m'manja, akuchizunguza kuti apeze njira. Analunjika pomwe anaima iwo. Bambo ako anachita zomwe anaphunzira, anatchinga nkhope yawo, bwinobwino ngati m'buku. Chitsulo sichinawakhudze. Mwana anali kumanzere kwawo."

Amayi anaika shati ija m'katoni n'kupitiriza.

"Phazi limodzi lokha. Ankati, phazi limodzi lokha, ndikanakhala ine patsogolo pake. Milungu itatu m'chipatala. Dokotala anati mutu umenewu usadzalandirenso nkhonya, ngakhale yamasewera. Ndiye ukamamva kuti anamutulutsa m'chipinda muja ngati thumba, dziwa kuti atamutula panja anakadzitsekera kubafa, ndipo ine ndinamva zomwe ankachita kumeneko."

"Bwanji sanawauze achimwene?"

"Ankati mwana akadziwa kuti bambo wake wa lamba wakuda anadzitchinga yekha, adzakhulupiriranso ndani? Ndinawauza kuti kukhala chete n'koipa kuposa. Koma bambo ako ukuwadziwa. Tsiku lomwe mwana anatuluka m'chipatala, anamuimika pakhoma n'kulemba kamzere kaja. Mmawa wake kata inali itatalika."

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi."

"Mmawa uliwonse. Ankati thupi langa linaphunzira kumenyera munthu mmodzi, tsopano liphunzire kuti sindili ndekha."

Mzime anakhala pansi pafupi ndi katoni. M'katonimo munkamveka fungo la sopo wa bambo.

"Ndikawauze achimwene?"

"Ndi khutu liti? Lakufalo ndi bwino. Lomvalo ndi lomwe linatsekeka kwambiri. Ukangoti bambo, amayamba kuwerenga zitini."

Masana onse a tsikulo Mzime anali pakamtanda. Popeza tsopano ankadziwa chomwe phazilo linkafuna, linayamba kumumvera. Anachita ya m'buku kakhumi motsatizana, ndipo kakhumi konse anathera pachoko. Namwino atabwera kuchokera kuntchito anawerenga yekha n'kuomba m'manja kamodzi.

"Basi, chipinda chapulumuka. Ukagone."

Loweruka ophunzira anakhala pansi m'mbali mwa khoma, mawondo atagundana chifukwa cha zitini. Woyesa anali mkulu wochepa thupi, wa magalasi okhuthala. Anakhala pampando wa bambo, pepala lili pabondo, cholembera chotsegula. Amayi anaima pakhomo lolowera kunyumba. Achimwene anatsamira chitseko chakunja, loko watsopano akumuseweretsa m'manja.

Mzime anawerama, n'kutchula dzina la kata, n'kuyamba.

Malaya ankalira phwa pa nkhonya iliyonse. Anatchinga, anatembenuka, anatsika, anakwera. Pa kuyenda kwa khumi anamva mpweya wake ukuyenda bwino ngati madzi mumpopi. Pa khumi ndi chisanu anadziwa kuti akhoza. Potembenuka pa khumi ndi chisanu ndi chiwiri, maso ake anadutsa pachitseko. Achimwene sankamuyang'ana n'komwe. Ankayang'ana khoma lakumbuyo, milomo ikuyenda, akuwerengera kuti lidya malita angati.

Akakhoza, chipinda chikhala chake, ndipo achimwene atenga zitini zawo n'kutuluka monga anatulukira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sadzalowanso.

Khumi ndi chisanu ndi chitatu.

Phazi linadikira, lomvera. Mzime analiponya kumanzere yekha. Dzanja linapita kumbuyo, chapansi, lotambasula. Anamaliza zotsalazo n'kuima phazi limodzi kunja kwa choko.

Namwino anatseka maso. Woyesa anatseka cholembera.

"Make mbuu, mwana mbuu," anatero mkuluyo mosakweza mawu. "Katatu konse bambo ako analephera ine ndili pampando ngati uno. Katatu ndinawafunsa kuti phazi ili n'lachiyani, iwo n'kumangoti ndi langa. Kata si gule, mwanawe. Chomwe chilibe ntchito sitichisunga. Kodi iwe ungandionetse ntchito yake, kapena nawenso ndi lako?"

Loko analira kete m'manja mwa achimwene.

"Ndikuonetsani," anatero Mzime. "Koma pafunika munthu. Achimwene, tabwerani."

"Wati chiyani?"

"Mwamva."

Ophunzira ena anaseka chamumtima. Achimwene anayang'ana nsapato zawo zothimbirira penti.

"Muno ine sandiloleza."

"Vula nsapato ulowe," anatero amayi ali pakhomo. Anali mawu awo oyamba mmawa umenewo.

Anavula. Anayenda pasimenti ndi masokosi, mosamala ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Mzime anawaimika kumanzere kwake, chakumbuyo pang'ono, pomwe khutu lawo lamanja linali mbali yake. Kenako anaima monga pa khumi ndi chisanu ndi chiwiri, ndipo analankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Pano ndi pokwerera basi. Uko kukubwera munthu akuthamanga, chitsulo chili m'manja, gulu lili pambuyo pake. Khumi ndi chisanu ndi chitatu, ndatchinga nkhope yanga." Anakweza mkono. "Buku limathera pamenepa, ndipo silinama. Chitsulo sichindikhudza. Koma kumanzere kwanga kuli mwana wa zaka zinayi."

Mzime anatsitsa mkono n'kupitiriza.

"Tsiku limenelo phazi ili linachedwa. Mwana anagona m'chipatala milungu itatu, ndipo dokotala anati mutu wake usadzalandirenso nkhonya. Mwini phazi sanathe kunena ndi pakamwa. Ndiye ankanena chonchi, mmawa uliwonse, zaka makumi atatu ndi chimodzi."

Anaponya phazi kumanzere. Thupi lake linaima pakati pa achimwene ndi munthu wachitsulo wosaonekayo. Dzanja linapita kumbuyo, chikhatho chitayang'ana pansi, ndipo linangopeza mphepo pafupi ndi thumba la buluku lawo.

"Mwatalika, achimwene," anatero. Sanabweze dzanja.

Achimwene anayang'ana amayi. Amayi anagwedeza mutu kamodzi. Anayang'ana dzanja la mlongo wawo lili m'malere, kenako khoma lomwe ankati apake Lamlungu, pomwe kamzere kakuda kanali pamsinkhu womwewo wa dzanjalo. Anakayang'ana nthawi yaitali, milomo itasiya kuwerenga.

Anaika loko pansi. Kenako anapinda mawondo, bambo wamkulu wa ana awiri, n'kutsika pang'onopang'ono, mafupa akulira, mpaka chikhatho cha Mzime chinakhala pamutu pawo, nsonga za zala zili pachipsera pomwe tsitsi silimera.

Woyesa anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa malaya, nthawi yaitali kuposa momwe magalasi amafunira.

"Ntchito ndaiona," anatero. "Ukamaliza apo undichitire ya m'buku kamodzi, yoyera. Ana uziyamba kuwaphunzitsa imeneyo. Inayi ndi ya pakhomo pano." Anatsegula cholembera.

"Malo achepa," anatero achimwene ali chinjutire. "Anamwino, uzani anthu anu atulutse zitinizi. Khomalo asaligunde."

Ophunzira anadzuka n'kuyamba kunyamula, awiriawiri, mwakachetechete. Achimwene sanadzuke msanga, ndipo Mzime sanawafulumize. Anaima chomwecho, phazi limodzi kunja kwa choko, dzanja lili kumbuyo.